Dontho Limodzi pa Pulopela ya a Phwete

Alamu anga, amuna awo a achemwali, ndi okonza mawotchi, koma anthu amangowaitana kuti a Phwete. Munthu uja amaseka, abale! Akayamba amagwira m'mimba mpaka magalasi kugwa.

Kwa zaka zitatu akhala akupanga kandege koyendetsa ndi rimoti m'chipinda chosungiramo katundu. Kawiri konse kanangonjenjemera pabwalo, masikuluwu kuthothoka, phiko kugwera uko. Achemwali zinawakwana. "Loweruka kakapanda kuuluka, ndilowetsa makina anga osokera m'chipindamo. Ndasokera pakhonde mokwanira ine."

Vuto linali pulopela, kamtengo kozungulira kutsogolo kaja: mbali imodzi inkalemera. Alamu anagula kachipangizo koyezera. Umalowetsa kawaya pakati pa pulopela, kawayako n'kulendewera pakati pa maginito awiri, ndiye mbali yolemera imatsika yokha. Koma pulopela yawo inali yaitali, inkagunda tebulo. Anangozula maginitowo n'kuwamata kumsana kwa mipando iwiri, pulopela n'kumalendewera pakati. Achemwali ndi ana anayamba kudya chiimire.

Tsono kachipangizoka sikafuna mphepo ngakhale pang'ono, kupuma komwe kamamva. Alamu amati akatseka zenera, agwira mpweya, pulopela ija n'kumayenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba yotsika masitepe, iwo phwete! Pulopela zunguliru. Ayambirenso. Masiku anayi anatha choncho.

Lachisanu masana anatulukira kusaluni kwanga, ine ndikupenta zikhadabo za kasitomala.

"Mlamu, ndithandize. Mbali yopepuka ikufuna kadontho ka penti wakoyu. Manja ako sanjenjemera."

"Inu alamu, ndipente ndege? Nayonso ikupita kuukwati?"

Anaseka mpaka kasitomala anadzidzimuka n'kupaka penti pasiketi. Koma atapukuta misozi anati, "Chipinda chija ndi chokhacho chimene ndili nacho." Ndinawamvera chisoni, ndinatenga kabotolo kofiira.

Titafika ndinawathamangitsira panja. "Inu tulukani, mukasekere kumsewu!" Ndinadontheza kamodzi, n'kudikira kuti paume. Pulopela inkangogwederabe. Ndinapsa mtima, ndinatsala pang'ono kuiponya pazenera. Kenako ndinamva pansi pakunthunthumira: anali makina a achemwali pakhonde, akupalasa ngati akuthawa galu.

"Achemwali, taimani kaye!"

Makina zii. Pulopela inayenda pang'ono, n'kuima chopingasa. Ndinaipendeketsa, inakhala pomwepo. Achemwali anali ataima pakhomo, atadzitseka mphuno ndi pakamwa, nsalu ya eni ake ili paphewa.

Loweruka m'mawa tonse tinali pabwalo la mpira. Kandege kanalira mosalala, kanathamanga pafumbi, kenako hii, m'mwamba! Ine ndinadumpha mpaka nsapato kuvuka. Achemwali, amene ankati ndi chidole cha munthu wamkulu wopanda manyazi, ankathamanga pansi pake akukuwa, "Ndi amuna anga amenewo! Ndi amuna anga!"

Ndinacheuka kuti ndimve chiphwete chija. Alamu anali duu, rimoti m'manja, misozi ikutsikira m'ndevu. Chiwadziwireni, ndinali ndisanawaonepo ali chete.

Lolemba ndinapeza achemwali akukoka makina aja kupita nawo kumapeto kwenikweni kwa khonde, kutali ndi chipindacho.

"Bwanjinso?"

"Akuti akuyamba ina yamapiko anayi," anatero. "Tagwira uko, usangoima."