Khadi Langa M'kabati mwa Akumpadre

Titabwerako ku Malawi komwe tinathawira, nkhondo itatha, ndinapeza ntchito yosoka matumba pamalo ena ogulira chimanga ndi nandolo ku Cuamba. Eni ake anali a kwathu ku Massangulo, ndipo ndi iwo anaimirira mwana wanga wamkazi pa ubatizo. Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kuwatchula kuti patarau, kutanthauza bwana, monga antchito anzanga, ndinkati akumpadre, iwo n'kumati akumadre. Kwathu munthu amene wakuimirira mwana ndi m'bale, sumufunsa chinthu kawiri.

Mwezi ukatha ankatidula kandalama pamalipiro. Ankati akukatisungira ku ofesi ya boma, kuti manja akadzatopa tizidzalandira penshoni. Ine ndinkangoyamika Mulungu, chifukwa mayi anga anakalamba khasu lili m'manja.

Anzanga ndiye anali ovuta. Aliyense ankafuna kusunga yekha khadi lake la penshoni, ena ankapita okha ku ofesi kuja kukaona ngati ndalamazo zikufikadi. Ndinkawadzudzula kuti alibe ulemu. Langa akumpadre anati likhale m'kabati mwawo, kwathu lingadyedwe ndi chiswe. Ndinathokoza mogwada.

Maso atayamba kuchita chifunga, moti ulusi ndinkachita kulowetseredwa pa singano ndi anzanga, ndinapita ku ofesiko ndi mwana wanga uja. Mlembi, mayi waulemu ndithu, Mulungu amudalitse, anafufuza dzina langa pa kompyuta nthawi yaitali. Kenako anatsitsa mawu. Zaka zonse zija, ndalama zanga zinafika miyezi inayi yokha yoyambirira. Za anzanga ovuta aja zinali zokwana.

Akumpadre ndinawapeza pakhonde akusenda lalanje. Anandipatsa mpando, nafunsa za miyendo yanga. Nditawauza sanakane ayi.

"Akumadre, malonda ankavuta. Enawo akanandisumira. Inu ndinkadziwa kuti mudzandimvetsa."

Ndinapempha khadi langa. Analitulutsa lili latsopano, chiswe sichinalikhudzedi.

Pano ndikukhala kwa mwana wanga, ndipo ndimayamika kuti sindigona ndi njala. Iye anati tikasume kwa oona za antchito. Ndinakana miyezi iwiri, ndikuti munthu amene anamugwirira kandulo sitingamuchititse manyazi. Koma tsiku lina ndinamuona akuwerengetsa ndalama za mankhwala anga a maso ndi za yunifolomu ya mdzukulu wanga, yunifolomu n'kuisiya. M'mawa mwake ndinavala nsalu yanga ya kutchalitchi, tinapita.

Kuwapempherera sindinasiye, ndinazolowera. Koma pamaso pa Mulungu tsopano ndimangoti patarau.