Masiku Anayi Opanda Mchere

Ku Madumabisa, komboni ya pamgodi wa malasha kutali ndi kwathu ku Nyasalande, mwezi wa Disembala, malata a nyumba za kampani ankatentha moti khwangwala ankaterapo ndi mwendo umodzi. Ndikukumbukira chaka china m'zaka za m'ma 1950 pamene ndinabwera ku tchuthi kuchokera ku sekondale yogonera komweko, nditanyamula sutikesi yachitsulo ndi kope lachikuto chakuda lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndinkakhulupirira kuti mtsikana wolemba zoona zokhazokha adzakhala mphunzitsi wamkulu. Kopelo ndikali nalo, ndipo masamba ake amanunkhabe malasha.

Ndinapeza amayi ali chigonere pamphasa. Anati ndi malungo. Tinalipo ana asanu ndi atatu m'zipinda ziwiri, ndipo pobadwa Yosefe, mwana womaliza, amayi anatsala pang'ono kutisiya. Atapezako bwino anayambanso kuphika, koma ndiwo zikafika pothira mchere ankandiitana kuti, "Esinati, tathira iwe." Ine ndinalemba m'kope kuti amayi ayamba kundiphunzitsa ntchito za pabanja.

Mzamba wa m'komboni yathu anali Anankhoma, mayi wamasiye wonenepa, wofwenkha fodya ndi wotukwana mosaopa munthu. Ambirife tinagwera m'manja mwawo pobadwa. Amuna awo anamwalira kalekale, ndiye ankangokhala pamgodipo mwa chisomo, popeza nyumba zinali za anthu ogwira ntchito. Tsono mphekesera inamveka yoti mayi wina wapabanja wachotsa mimba ndi mankhwala a Anankhoma. Nkhaniyo inafika kwa bambo Chikuse, kapitawo wa apolisi a m'komboni, munthu wamfupi amene ankapukuta mabatani a yunifolomu yake ngakhale pamaliro. Iwo analamula kuti Anankhoma atchule dzina la mayiyo. Akapanda kutero pofika Lachisanu, awakweza sitima yopita ku Nyasalande, kumene anachokako asanamere imvi ndipo analibenso wachibale wowadziwa.

"Dzina ndaliiwala," anatero Anankhoma, akufwenkha fodya. "Koma lanu ndikulikumbukira. Munabadwa chotsogoza matako."

Lolemba m'mawa amayi a m'komboni anachedwa kwambiri pampopi. Zidebe zinadzadza n'kusefukira, iwo akunong'onezana. Amene anatsogolera nkhaniyo anali Abiti Saidi, mayi wachiyawo amene amuna awo anali ndi kasitolo pakona. Akhirisitu ndi Asilamu, amene masiku ena ankakangana za mbale ndi mapoto, tsikulo anagundanitsa mitu pamodzi.

Achinyamata a lero sangamvetse zimene anapanganazo popanda kuwafotokozera. Mwambo wathu unali woti mayi amene wapita padera, kapena wachotsa mimba, sathira mchere m'ndiwo mpaka nthawi yake itakwana. Akathira, odyawo amadwala tsempho: amatupa miyendo, kutsokomola ndi kuwonda. Abambo athu ankalowa pansi pa nthaka tsiku lililonse osanjenjemera, koma tsempho ankaliopa kuposa kugumuka kwa mgodi.

Madzulo a tsikulo abambo anatuluka kuntchito, malaya atayera ndi thukuta louma. Anasamba, nakhala pansi, natapa nyemba. Anatafuna kamodzi n'kuima.

"Amake Esinati, mchere watha?"

"Ulipo."

"Nanga?"

"A Chikuse akuti m'komboni muno muli mayi wochotsa mimba, ndipo sakumudziwa. Nafenso sitikumudziwa. Mwina ndine. Ndikuphereninji, bambo a ana anga?"

"Athire mwanayu."

"Athire uti? Mchere wonse wa m'nyumba muno ndaugwira kale ndi manja angawa."

Abambo anayang'ana chitini cha mchere ngati muli njoka. Kenako tinamva nyumba yoyandikana nafe funso lomwelo, ndi yotsatira, mpaka kumapeto kwa mzere. M'kope ndinalemba kuti: "Lero abambo adya mwakachetechete. Ndikuganiza kuti akusinkhasinkha za Mulungu."

Lachiwiri amuna anathamangira kusitolo, koma anapeza Abiti Saidi atakhala pa thumba la mchere, akusoka chigamba. Anati aliyense wofuna agule, kungoti iwo akhalapo kuyambira m'mawa. Palibe anagula. Lachitatu linali tsiku lolandira phoso, chakudya chochokera ku kampani, ndipo nyama inabwera yonona bwino, koma yophika popanda mchere inkamveka ngati bulangete lonyowa. Bambo wina wa mzere wathu anapezeka akunyambita mkono wake pobwera kuntchito. Mbeta zachimuna za m'nyumba za amuna okhaokha, zimene masiku onse zinkasekedwa chifukwa chodziphikira, zinasanduka mabwana: akuluakulu a mpingo ankapita kukazichezera nthawi ya chakudya, ati kukaona moyo wawo wauzimu.

Lachinayi amayi anandiuza kuti nditenge kope langa tipite kuseri kwa sitolo. Kumeneko ndinapeza amayi ambiri ali pamzere. Abiti Saidi anati popeza a Chikuse akufuna dzina, tiwapatsa maina, ndipo wolemba ndine chifukwa zolemba zanga n'zooneka bwino. Pamwamba ndilembe kuti, "Ife tonse tinachotsa."

Ndinanong'oneza amayi anga kuti limeneli ndi bodza, ndipo m'kope langa simunalowepo bodza.

"Uzule masambawo ukatha," anatero amayi. "Langa ulilembe pakati, osati poyamba."

Ndinalemba mpaka chala chinachita thuza. Anabwera apakati, mimba zili patsogolo. Anabwera Anabanda, nkhalamba yopanda dzino ndi limodzi lomwe, yoyenda ndi ndodo. Nditawafunsa mwaulemu ngati amvetsa nkhaniyo, anandikalipira kuti, "Lemba, mwana iwe! Kodi ine si mkazi?" Womaliza anafika atadziphimba kumutu ndi chitenje, natchula dzina lake motsitsa mawu. Nditakweza maso ndinaona kuti ndi akazi a bambo Chikuse.

Lachisanu, dzuwa lili pamutu, tinanyamuka. Panalibe zikwangwani. Mayi aliyense anasenza mchere wa m'nyumba mwake, wina m'chitini, wina m'mbale, wina m'kansalu. Phulusa la malasha linkaotcha kumapazi, ana akulira kumsana, ndipo amayi ankaimba nyimbo ya pamtondo yonyoza mwamuna waulesi. Pakhonde la ofesi ya komboni panali Anankhoma, atakhalira mtolo wa katundu wawo, akudikira sitima. Amayi anafika mmodzimmodzi n'kukhuthula mchere patsogolo pa masitepe mpaka unaunjikana kamulu koyera.

Bambo Chikuse anatuluka, mabatani akunyezimira. Amayi aja anandikankhira kutsogolo, ndipo ndinayamba kuwerenga ndi mawu amene ndinkalakatulira ndakatulo kusukulu. Dzina lililonse mwini wake ankayankha kuti, "Ndilipo!" Nditafika pa Anabanda, iwo anakweza ndodo n'kukuwa kuti, "Dzulo lomweli!" Apolisi awiri anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Pomwepo lipenga la mgodi linalira, ndipo amuna otuluka kuntchito anadzaima kumbuyo kwathu. Sankayang'ana akazi awo kapena kapitawo. Maso onse anali pa kamulu kaja.

Ndinawerenga dzina lomaliza. Bambo Chikuse anati ndibwereze. Ndinabwereza momveka bwino, monga anatiphunzitsira.

"Ndilipo, bambo a Joni," anatero akazi awo. "Ngati sitimayo ili ndi malo, tikwera tonse. Mabataniwo muzisokerera nokha."

Kenako abambo anga, munthu amene sankalankhula pagulu, anavula chipewa nati, "A Chikuse, ife nkhani za amayizi sitizidziwa. Koma mawa kuli nyemba."

Mzungu woyang'anira komboni anasuzumira pawindo, naona khamu ndi mulu wa mchere, nafunsa ngati anthu akunyanyala ntchito. Bambo Chikuse anayankha msanga kuti ayi, ndi nkhani yaing'ono ya kukhitchini ndipo yatha kale. Anankhoma anadzuka, nasenza mtolo wawo, nabwerera kwawo osatsanzika. Sitima inapita yopanda iwo. Amayi onse anaola mchere wawo wosakanikirana ndi fumbi la malasha, ndipo mwezi wonsewo tinkadya ndiwo zolumika mchenga, popanda wodandaula.

Masiku ano mdzukulu wanga amandionetsa pafoni amayi a m'mizinda ikuluikulu akuguba ndi zikwangwani pa nkhani yomweyi ya kuchotsa mimba, ena mbali iyi, ena mbali inayo, akukuwa poyera mawu amene ife tinkangonong'ona pampopi. Amandifunsa m'Chindebele, chilankhulo cha kuno, kuti ine ndili mbali iti, uku akudzithirira yekha mchere patebulo, osadziwa kuti kanthu kameneka kanaimitsapo komboni yonse. Ndimamuyankha kuti ine ndinali mlembi chabe.

Koma chaka chimene amayi anamwalira ndinatsegulanso kope lija. Pambuyo pa masamba ozulidwa ndinapeza mzere umene ndinalemba patapita milungu itatu, tchuthi chili pafupi kutha: "Nyumba zonse amayi anayambanso kuthira okha mchere. Kwathu ndikuthirabe ine. Ndikuganiza kuti amayi aiwala kuti nkhani ija inatha."

Ndinakhala nalo pamiyendo kopelo nthawi yaitali. Amayi anakhala ndi moyo mpaka kuona Yosefe akukwatira. Ndipo papepala lija, limene ndinkaliyesa bodza langa loyamba, panali dzina limodzi loona, lolembedwa bwinobwino pakati.