Eriyo ya Mkamwini

Ndikukumbukira galimoto ya abambo anga itaima pansi pa mtengo wa pichesi kwathu ku Chongoni, mphepo yozizira ikutsika kuchokera kuphiri. Idali yakalekale, yobiriwira, ndipo adaigula kwa mzungu wina wa kunkhalango amene ankabwerera kwawo. Kuyenda inkayenda mwa apo ndi apo, nthawi zambiri ife tikukankha. Koma idali ndi chinthu chimodzi chimene mudzi wonse unkachipatsa ulemu: eriyo yotuluka yokha. Mukatsegula wailesi inkalira kuti zwiii, n'kumatalika pang'onopang'ono mpaka kupitirira denga. Mukatseka inkabwerera m'kati.

Abambo adali mkamwini, kwawo kudali ku Mchinji. Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankaonana maso ndi maso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'chimanga. Tsono njira yopita kudimba ya agogo Anaphiri, amene adabereka amayi anga, inkadutsa pambali penipeni pa galimotoyo, ndipo abambo akaweruka kumunda ankakonda kukhala m'menemo, atagonetsa mpando, akumvera wailesi imodzi yokha ija ya boma. Popanda kupangana, eriyo idasanduka chizindikiro. Ikakhala m'mwamba, agogo ankazungulira kuseri kwa nkhokwe. Ikakhala pansi, ankadutsa momasuka.

Amene adasokoneza mtenderewo ndine. Ndidali ndi zaka zisanu ndi zinayi, matama ali thoo ngati galimotoyo ndidagula ndine. Abambo akachokapo ndinkaba kiyi m'thumba la jekete yawo n'kuitana anzanga. Masewera athu adali oyesana nayo mphamvu: wina atsegule wailesi, wina aigwire eriyo kumutu kuti isatuluke. Inkalira momvetsa chisoni, ife tili kikiki. Tsiku lina china chake chidathyoka m'kati, kamota n'kumangozungulira pachabe. Ndidabwezera kiyi m'jekete, ndipo madzulo ndidadya mwaulemu ngati mwana wa akatekisiti.

Mawa lake masana abambo adalowa m'galimoto monga mwa masiku onse. Wailesi idangotulutsa phokoso, ndiye adaitseka n'kugona. Posakhalitsa agogo adatulukira ndi mnzawo Anankhoma. Ataona kuti eriyo palibe, adakhala pansi pamthunzi, adatsamira tayala, n'kuyamba kununkhiza fodya. Ine ndidali pakhonde kutongola chimanga, ndikudziwa bwino kuti abambo ali m'katimo. Ndikadatha kutsokomola, koma ndidaopa kuti andifunsa za eriyo.

Agogo adali ndi pakamwa, Mulungu awakhululukire. Adati mizere ya mkamwini wawo imakhota ngati walima ataledzera, ndiponso galimoto amaisambitsa kuposa mmene amasambira mwini wake. Anankhoma adaseka mpaka kutsamwa. Kenaka agogo adawonjeza mawu amene ndimawamvabe mpaka lero: "Asiyeni. Adabwera ndi sutikesi, adzapita ndi sutikesi. Anawa ndi athu."

Fodya uja adalowera pawindo, abambo adayetsemula. Sindidaonepo nkhalamba ikuthamanga chonchija. Adafunda chitenje kumutu, kabotolo ka fodya n'kukasiya pomwepo.

Abambo sadakalipe, ndipo n'zimene zidandiopsa. Adatsitsa sutikesi yawo, adalongedzamo malaya, lumo ndi kadi ya chipani, n'kukaiika m'buti. Adauza amayi kuti Loweruka apita ku Mchinji, koma tsiku lobwerako sadalitchule. Ndidali mwana, komabe ndinkadziwa kuti mkamwini akachoka amachoka yekha, ana amatsala kwa amayi awo. Amayi ankalira kukhitchini n'kumanamizira utsi. Ine tulo ndi njala zidandithera, poona kuti ndathamangitsa abambo anga chifukwa cha masewera.

Lachinayi ndidapita kwa agogo n'kuulula zonse, mamina ali chuu. Adandikoka khutu mpaka lidatentha. Munthu wamkulu ngati iwo sakadapita kukagwada kwa mkamwini. Lachisanu m'mamawa adasenza dengu la mbatata ya kachewere yokagulitsa, ulendo wa ku Chimbiya, kumene makanika wina ankaphwasula magalimoto akufa. Akuti adafotokoza ndi manja kuti akufuna kachitsulo kodzuka kokha, anyamata a pagalaja n'kufa nazo ziseko. Adabwerako dzuwa litapendeka, mapazi ali mbuu, m'dengu muli kanthu kokulunga pansalu. "Kawapatse abambo ako, ndipo usanene kanthu," adatero. Ine ndidanena zonse, ndi za kiyi zomwe.

Loweruka m'mawa lole idabwera kudzatenga amayi ndi azimayi ena kukavina kumsonkhano wa chipani. Kumeneko kudalibe zoti pakhomo pali mavuto, ukaitanidwa unkangokwera. Abambo adamasula nsalu ija. Mudali eriyo ina, yogwirapo ntchito koma yowongoka, yokhala ndi mchira wautali wa pulasitiki wa mano ngati chipeso. Adang'ung'udza kuti munthu sayenda ulendo wautali wopanda wailesi. Adamasula nati ndi sipanala, adazula yakale ija, ndipo adandionetsa mano ake mmene adaperepesekera. Adakolowola zidutswa zotsalira ndi waya, adapaka girizi mchira watsopanowo, kenaka adaima.

Ntchitoyo imafuna anthu awiri. Wina alowetse mchira pabowo kumbuyo kwa galimoto, wina atseke wailesi m'kati kuti kamota kaumeze. Amayi kudalibe, ndipo ine adali atandiletsa kukhudzanso wailesiyo mpaka nditakwatiwa.

Mawu adachokera kuseri kwa nkhokwe. "Tereza, uwafunse abambo ako ngati dzanja la nkhalamba lingathe."

Abambo adayang'ana kuphiri. "Uwauze agogo ako kuti chitseko n'chosakhoma."

Anthu akumvana bwinobwino, koma ine ndidayenera kubwereza mawu onse, uku ndi uku. Agogo adafika chafutambuyo atafunda chitenje, n'kukhala pampando wa abambo, koyamba chibadwire kulowa m'galimotoyo. Ndidawalozera kabatani ndi chala, osakakhudza. Adakapotokola kolakwika. Wailesi idabangula, nkhuku zidabalalika, iwo adadzidzimuka mpaka kugunda mutu padenga. Ndidaona mapewa a abambo akugwedezeka. Ulendo wachiwiri kabatani kadati tcha, kamota kadagwira mchira, eriyo idamira bwinobwino mpaka kumutu. Abambo adamanga nati.

Ntchito idathera pomwepo, koma agogo sadatsike. Adatsegula wailesi, eriyo idakwera. Adatseka, idatsika. Adatsegulanso. Kachinayi abambo adati, "Uwauze agogo ako kuti ikathyokanso, kachewere watha."

Agogo adayankha motsitsa mawu. "Uwauze abambo ako kuti mizere yawo ndi yokhotadi, koma chimanga chake timadya tonse. Pakamwa panga ndi pamene padakhota kwambiri. Asapite."

Mawu amenewo sindidawabwereze. Abambo adapukuta manja pansalu ija kwa nthawi yaitali, adatsegula buti, n'kundipatsa sutikesi. "Kaike m'nyumba," adatero.

Lero ine ndine apongozi. Mkamwini wanga amandipatsa moni wa padzanja, timakhala pampando umodzi, ndipo akafuna kunditsutsa amanditsutsa akundiyang'ana m'maso. Sindikudandaula, n'zopepuka. Koma sindidziwa ngati timasamalana kuposa awiri aja, amene adakhala bwalo limodzi zaka zina khumi ndi zisanu akulankhulana kudzera mwa ife ana. Agogo atakalamba, nkhuni ankazipeza pakhomo m'mawa, osafunsa wazibweretsa.

Tsiku la maliro a agogo, itakwana nthawi yoona nkhope, abambo adaima pabokosi mpaka mzere wa anthu udaima nawo. Kadali koyamba kuwayang'ana pafupi. Atatuluka adandipeza pakhonde, maso ali psuu, n'kundiyang'anitsitsa.

"Tereza," adatero, "kani umafanana nawo chonchi?"