Munda wa Mkamwini

Nditakwatira ku Chongoni, amalume a mkazi wanga anandilozera munda wa kumtunda kwa mudzi. Theka la mundawo linali mwala umodzi, waukulu ngati khola la ng'ombe. Ndinathokoza ndi manja awiri, mkamwini sasankha. Koma mumtima ndinatukwana.

Chimanga cha mbali yotsalayo chinkatithera Okutobala asanafike, ndiye ndinati mwalawu uchoke basi. Chaka choyamba ndinangoumenya ndi hamala pakati penipeni, ngati wamisala. Unkangondilavulira fumbi m'maso. Bambo wina woswa miyala kumsewu wa ku Bembeke ndi amene anandiseka mpaka kukhosomola.

"Achimwene, mwala saumenya pamimba," anatero. "Pezani pomwe wayamba kale kung'aluka. Mng'alu umayendera kunsonga kwake."

Ndinayamba kusonkha moto wa zitsononkho ndi matayala akale pamwamba pake, ukatentha n'kuthira madzi ozizira a m'mawa wa mu Juni. Unkalira kuti thee! Kenaka kamzere kowonda ngati tsitsi kankaoneka. Ndinkakhomamo zidutswa za sipuling'i ya galimoto, pang'onopang'ono, n'kulemba ndi khala pomwe kamzereko kathera. Mawa lake ndinkapeza kadutsa pomwe ndinalemba paja ndi chala chimodzi, popanda woukhudza. Ndikaugogoda mwalawo, mbali yong'alukayo inkamveka ngati mbiya yosweka. Nthawi zina mng'alu unkakhotera kwina, sabata yonse n'kupita pachabe.

Zaka zitatu zinatha choncho. Kwathu ku Lobi kunali malo a mayi anga, koma amenewo ndi a alongo anga. Ndipo ndikanachoka, ana anga awiri akanatsala kuno kwa amayi awo. Ndinalibe kolowera, kupatula kumwala kuja.

Chidutswa chomaliza titachigubuduzira kumalire, pansi pake panali dothi lakuda bii. Mkazi wanga analifumbata, nalinunkhiza. Chaka chimenecho nyemba zinabereka mpaka anthu odutsa ankaima.

Titakolola, amalume aja anabwera, ndinawayalira mphasa.

"Akamwini, mwagwira ntchito," anatero. "Mng'ono wa akazi anuwa akukwatiwa, ndiye munda uno tiwapatsa iwowo. Mwamuna wawoyo ndi wa m'tauni, sangalimbe. Inu tikupatsani uja wa kuseri kwa phiri."

Ndinkaudziwa munda umenewo. Uli ndi miyala iwiri.

"Poti inu miyala mumaidziwa," anawonjezera.

Ndinayang'ana mkazi wanga, iye anayang'ana pansi. Mwana wathu wamng'ono anali atatsamira bondo langa. Mtima unandiwawa koopsa, koma ndinawomba m'manja.

"Zikomo, amalume," ndinatero.