Mafoda Amene Ndidalongosola ku Kya Sand

Kampani yathu idali kachipinda kapamwamba pa fakitale ina ku Kya Sand, ku Joni, pansi pake akudula zitsulo tsiku lonse. Tinkalemba pulogalamu ya pakompyuta yothandiza mafakitale kudziwa katundu amene watsala mosungiramo. Mudali m'chaka cha 2003. Pemiti yanga yogwirira ntchito ku Joni idali yomangiriridwa pa kampaniyo: ntchito ikatha, nanenso ndiye kuti ulendo wa kumudzi.

Pulogalamu simulemba yonse nokha. Zidutswa zina mumatenga zolembedwa kale, zimene timati malaibulale, ndipo pomanga pulogalamuyo muyenera kuilozera kompyuta njira ya ku foda imene muli chidutswa chilichonse. Mukaphonya njira imodzi yokha, imakana kumanga, n'kukulavulirani zilembo zofiira.

Pakampani pathu aliyense ankasunga malaibulale ake mmene wafunira. Mdala wina wa ku Chipata, amene adandiphunzitsa ntchito, ake adawakwirira m'mafoda a mkati mwa mafoda ena, okhala ndi maina osasonyeza kanthu. Gawo la pulogalamu la mdalayo linkamangika pa kompyuta yawo yokha. Langanso linkamangika pa yanga yokha, chifukwa njira zonse zinkayambira pa foda ya dzina langa. Munthu akadwala, gawo lake linkadwala naye.

Zimenezi zinkandinyansa. Ine ndine munthu woti ngakhale nsapato ndimazindandalika bwinobwino kunsi kwa bedi. Choncho tsiku lina bwana atadandaula kuti kasitomala wadikira chifukwa ndidali kuchipatala, ndidadzipereka ndekha kuti ndikonza. Palibe adandituma.

Pa nkhomaliro mdala uja adandikokera panja.

"Mwana wanga, bwana wamulonjeza chiyani?"

"Ndangoti ndilongosola mafoda, abambo."

"Eish! Uganiza kuti ife sitidziwa kulongosola? Alendo ngati ife tili pano chifukwa chinthu sichiyenda popanda ife. Zako longosola ngati ufuna, koma zanga usazikhudze."

Ndidawaseka chamumtima. Ndinkati amenewo ndi mantha a ukalamba, munthu wodziwa ntchito sasowa pogwira.

Ndidatsegula foda imodzi pa seva, kompyuta yaikulu imene tonse tinkalumikizako, n'kusamutsiramo malaibulale onse a gawo langa. Dzina langa ndidalifufuta m'njira zonse, kuti ziziyambira pamene pali pulogalamuyo, osati pa kompyuta ya munthu. Padali laibulale ina imene idalipo pawiri, yakale ndi yatsopano, dzina limodzimodzi, ndipo kompyuta inkangotola imene yayamba kukumana nayo. Imeneyo idandizunguza mutu, koma ndidaipeza n'kutaya yakaleyo.

Nditatsiriza, tidakayesa pa kompyuta ya bwana, imene idali isanamangepo gawo langa chiyambire. Idamanga osatsokomola n'komwe. Bwana adandimenya paphewa amvekere, "Sharp!" Madzulo ake ndidakwera takisi ya ku Berea, kumene ndinkakhala, ndikumwetulira ndekha ngati chitsiru.

Pemiti yanga itatsala pang'ono kutha, bwana adandiitanira muofesi mwake. Adati kukonzetsa pemiti ya mlendo n'chintchito, ndipo gawo langa tsopano aliyense angathe kuligwira. Adandithokozanso chifukwa cholisiya poyera chotero. Adanena zimenezi akundiyang'ana m'maso, wopanda ndi manyazi omwe. Mdala wa ku Chipata pemiti yawo idakonzedwa popanda phokoso, chifukwa mafoda awo padalibe wina woti n'kuwalondola.

Mtima udandiwawa, ndipo mpaka lero ukandikumbutsa umawawabe. Ndidayenda m'makampani ena kufunafuna ntchito, koma akangomva za pemiti nkhope zinkasintha. Ndinkakhala m'chipinda changa ku Berea foni ili pambali, ndikuti lero ndithu china chake chisokonekera, andiitana. Lamulungu, kutchalitchi kwathu kwa muholo, anzanga ankapempherera ana ndi odwala. Ine ndinkatsinzina n'kumapempha kuti pulogalamu ija ikane kumanga, ingolavula zofiira ngakhale kamodzi kokha. Foni sidalire.

Tsiku lokwera basi ya ku Blantyre, mdala uja adabwera kudzandiperekeza. Adandinyamulira chikwama chimodzi, osatchulapo zoti adandichenjeza. Tikudikira kuti apakire katundu, ndidalephera kudzigwira.

"Abambo, gawo langa lija silinavutepo?"

Adayang'ana kumbali asanayankhe.

"Ayi, mwana wanga. Tagula makompyuta atsopano, likumangika pa onse. Bwana akafuna kutikalipira amati tizigwira ntchito ngati iwe."