Ndinawakoka ndi Chiwindi

Amuna anga anali ndi mimba yoti inkayamba kulowa pakhomo, eni ake n'kubwera pambuyo. Ankagula mbuzi m'midzi ya ku Chigaru n'kumakapha pamsika wa Lirangwe, ndipo anthu ankawatcha bwana chifukwa cha mimbayo basi. Ine ndinkakhala kwathu ku Chileka, ana athu anayi atakula kale. Chaka chimene anatenga mkazi wachiwiri, wogulitsa tomato pa Lirangwe pomwepo, ndinayamba kuwaona kawiri pamwezi. Mkaziyo ndinkamuda, ndisaname. Ndikangomva dzina lake m'makutu munkatentha.

Tsiku lina m'mawa anandibweretsera bambowo pa kabaza, phazi lili m'malere. Chala chachikulu chinali chitatupa, chili psuu, chikunyezimira. Ntchentche ikangotera pamenepo ankakuwa ngati mbuzi zawo zomwe. Alamu anga, achemwali awo aakulu, anafika, kuyang'ana kamodzi kokha, mlandu n'kugamula.

"Achimwene, apa mwaponda. Wina wakutcherani mankhwala panjira. Ndipo si wina ayi, ndi wa tomato uja, akufuna mulumale kuti alande bizinesi."

Ine ndinangoti, "Mayo ine!" n'kuwerama kuti asaone mano anga.

Kuchipatala atawayeza magazi, adokotala, mtsikana wamng'ono ndithu, anandiitanira pambali popeza wophika ndine.

"Mayi, iyi ndi gauti. M'magazi mwawo mwachuluka yuriki asidi, zinyalala zimene thupi limayenera kutaya mumkodzo. Zikachuluka zimaundana m'mfundo ngati timchere tosongoka. Koma chala si chimene chikundiopsa. Asidiyu sayenda yekha. Shuga wawo ndi wokwera, magazi akuthamanga, mafuta achuluka, ndiye onjezani mimba iyi. Zonsezi ndi zapachibale, chimodzi chikakula zinzake zimakulanso. Chiwindi, zam'mimba, mowa, zakumwa zotsekemera, asiye. Apo ayi, tsiku lina adzagwa."

Ndinamva zonse bwinobwino. Sukulu ndinalekera panjira, koma makutu anga alibe vuto. Tikutuluka bambowo anandifunsa kuti, "Kamati chiyani kamtsikanako?"

"Akuti muzimwa mapiritsiwa, muchira."

Anachiradi, n'kubwerera ku Lirangwe. Koma pasanathe milungu iwiri ndinangoona atulukira, atanyamula chiwindi m'jumbo, nkhope ili ndwii. Akuti kumeneko akumawaphikira masamba opanda mchere ngati iwo ndi mbuzi. Eya! Ndinazindikira pomwepo kuti mnzangayo nayenso anauzidwa za zakudyazi kuchipatala, ndipo akumvera. Ndinati mumtima, zikomo wopusa iwe, wandionetsa njira.

Ndinakazinga chiwindi chija m'mafuta osawerengera, anyezi, tsabola, mchere wokwanira. Ndinawagulira mowa wozizira. Loweruka lotsatira nthumbwana, linalo mapwapwa ndi impso. Bambo aja anayamba kuiwala njira ya kwa mnzanga. Chala chikatupa ankagona m'nyumba mwanga milungu iwiri osayenda, akuitana ine, osati wina. Ndinkawaviika phazi m'beseni ndikung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Zinkandikoma. Ndikunena poyera, zinkandikoma kwambiri.

Ndipo chala chikatupa, mlandu unkagwera yemwe uja. Tsiku lina la msika alamu anapita ku Lirangwe, kukamugubuduzira tomato yense m'fumbi, kumutcha mfiti anthu akuonerera. Wogula anasowa. Ndani adye tomato wa mfiti? Anasamuka yekha, kupita kwa abale ake ku Madziabango. Atandifotokozera ndinaseka mpaka kugwira nthiti. Mawu amodzi okha a ine akanamupulumutsa, koma ndinawameza ndi madzi.

Zaka zitatu mwamuna anali wanga ndekha. Mimba inkakulirakulira, usana ankangomwa madzi ndi kukodza, mapiritsi ankamwa akakumbukira, ndipo ine sindinkawakumbutsa.

Anagwa masana, pakhonde, akusamba m'manja kuti adye. Kamwa inapotoka, mbali ya kumanja yonse n'kufa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Adokotala anali ena, koma ine sindinathe kuwayang'ana kumaso.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kutembenuza chimunthu chija, kuchisambitsa, kuchipukuta, kuchidyetsa phala likutayikira pachifuwa. Msana wanga unathera pamenepo. Alamu aja anabwera kawiri, kupemphera mokweza, osaonekanso. Ana ali ndi mabanja awo m'tauni, amangoimba foni.

Patatha miyezi isanu ndi itatu ndinatopa, manyazi onse anandithera. Ndinakwera minibasi mpaka ku Madziabango. Ndinamupeza mnzanga uja atakhala pamsika, atanenepa, khungu lili see.

"Mkazi mnzanga," ndinatero, mawu amene ndinali ndisanamutchulepo chibadwire, "paja mwamuna uja ndi wa tonse awiri. Bwerani tizithandizana. Kapena muwatengeko mwezi umodzi wokha, ndipumeko."

Sanadzuke, sanandipatsenso pokhala.

"Amayi, kuchipatala sauza mkazi mmodzi yekha. Tonse tinamva. Ine ndinkawabisira mchere, inu munkawakazingira chiwindi. Ine ndinatchedwa mfiti, inu muli chete. Munapambana ndinu. Ndi anu onse, mutu mpaka kuphazi."

Ndinabwerera ku Chileka dzuwa likupendeka. Ndinawapeza atadziipitsira pamphasa, akundiyang'ana, milomo ikugwedera osatulutsa mawu. Ndinatenga ndowa kupita kumjigo.