Diresi loyera la Tadala

Mayi Hilde, mvula ya lero kuno ku Barking, mumzinda wa London, yandikumbutsa inu. Munachoka kwanu ku Germany muli mtsikana n'kudzatsegula nazale ija kuseri kwa tchalitchi chathu, kumene ana ankaphunzira panja, kaya kugwe mvula kaya kuzizire. Ine zimenezo sindinkazidziwa. Mwana wanga Tadala, chibwerere kuchokera ku Malawi, sankalankhula ndi aliyense kunja kwa nyumba, ndipo ndinkapemphera mpaka maondo kuwawa. Tsiku loyamba kupita naye ku nazale yanuyo ndinamuveka diresi loyera la kutchalitchi kuti azungu asatiseke. Pokamutenga ndinapeza mwana ali matope okhaokha, nyongolotsi ili m'manja. Ndiulule, mawu amene anandibwerera sanali a munthu woimba kwaya. Inu munangoseka n'kuti, "Diresi lichapika, Mama Tadala. Tamverani kaye." Nditatchera khutu, ndinamva mwana uja akulongolola, kukufotokozerani m'Chichewa mmene amalume ake amawedzera nsomba ndi nyongolotsi, inu muli kugwedeza mutu ngati mukumva. Ndinalira pageti pompo, za diresi n'kuiwala.

Lero Tadala ndi mphunzitsi ku Peckham. Wanditumizira chithunzi ali m'matope ndi kalasi yake yonse. Ine ndayamba kale kudandaula za chimfine ndi zovala za ana a eni, iye wangoyankha kuti, "Mum, zichapika." Gonani mumtendere wa Ambuye, Mayi Hilde. Ngati kumwambako kumagwa mvula, ndikudziwa kuti tiangelo tonse mwatitulutsa kale panja.